Ndinabwerera pa Mgolo

Tadala ndi Mphatso, ana anga,

Mwandiseka zaka zambiri chifukwa cha mmene ndimaperekezera alendo. Mlendo akatsanzika pakhomo pathu pano pa Oshawa, pafupi ndi Toronto, ine ndimatenga jekete n'kupita naye mpaka pa siteshoni, ndimaima naye mpaka sitima ifike, ndipo ndikabwerera sindikhala pansi kufikira ataimba foni kuti walowa m'nyumba mwake. Tsiku lina ndinakwera sitima ndi abusa athu mpaka ku Oakville n'kubwerako ndekha, ndipo iwe Mphatso unauza amayi ako m'Chingerezi chako chothamangacho kuti mutu wa adadi wasiya kugwira. Ndinamva ndithu. Tsopano ndapuma pa ntchito, mawondo ayamba kukangana ndi masitepe, ndiye ndati ndilembe chifukwa chake ndisanayambe kuiwala kapena kukongoletsa. Nkhani yake ndi ya a Tembo, amene inu munkati ankolo Tembo, ndiponso ya bodza limene ndinauza akazi awo n'kulisunga zaka khumi ndi zinayi.

Chaka chimene Mphatso anayamba sukulu

Kwathu ndinali makaniko wa majenereta pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo. Zimenezo ndinakuuzani kale ndipo munatopa nazo. Titafika kuno mapepala anga anasanduka okulungira mandasi: aliyense ankawayang'ana mwaulemu n'kundibwezera. Ndinatsuka magalimoto, ndinanyamula makatoni, kenaka ndinalowa pa fakitale ina yopanga mipando ya magalimoto, kumene ndinamanga bawuti imodzimodzi zaka zisanu ndi chimodzi. Tsiku lina anatiitana tonse m'chipinda chodyera, anatipatsa khofi ndi madonati, n'kutiuza kuti layini yathu ikutsekedwa. Kuyambira tsiku limenelo ndikaona bwana akugawa madonati ndimayamba kulongedza.

Ndinakhala miyezi inayi pakhomo, amayi anu akugwira mashifiti awiri kunyumba yosamalira okalamba. Ndiye ndinaona ntchito. Kampani ina yofufuza miyala ya m'nthaka inkafuna munthu wodziwa majenereta, woti akasunge kampu yawo kumpoto kwenikweni kwa Ontario, kumene msewu sufika. Amayi anu anayang'ana mapu nthawi yaitali, chala chawo chikungokwerabe, n'kufunsa kuti, "Kodi kumeneko kuli tchalitchi?" Ndinati sindikudziwa. "Nanga chipatala?" Ndinati ndege imabwera. Iwo anati, "A Mbewe, inu mumadwala chimfine mukangotsegula firiji." Koma sanandiletse, ndipo ndinadziwa kuti sangandiletse, chifukwa tonse awiri tinali titaona mmene ndinkayendera m'nyumba muja ngati mlendo wochedwa kutsanzika.

Chisanu choyamba

Ndinakwera ndege zitatu, iliyonse yaing'ono kuposa inzake. Pa yomalizayo ndinakakamira pawindo kufunafuna munda, utsi, kapena kanjira ka mbuzi, koma pansi panali mitengo ndi madzi basi, maola awiri athunthu. Kampu inali m'mbali mwa nyanja ina yaitali: mahema a anthu obowola miyala, shedi ya majenereta awiri, ndi kanyumba ka matabwa ka chipinda chimodzi kamene kanali kanga. M'miyezi yofunda pankadzaza anthu, phokoso, ndi udzudzu wolumira pamwamba pa malaya. Masamba akayamba kufiira onse ankakwera ndege, n'kutsala ine ndi makina.

Bwana wathu ankakhala ku Toronto ndipo ndinkangomumva pa wailesi yolankhulirana. Ndinamupatsa dzina loti Ndege-ya-Mawa, chifukwa chilichonse chimene ndapempha, kaya mafyuluta, kaya malamba a injini, kaya anyezi, yankho linali lakuti chibwera pa ndege yotsatira. Tsiku lina ndinamuuza kuti lamba womaliza wang'ambika. Anandifunsa ngati sindingathamangire kusitolo yapafupi. Ndinati ndingathe, bola anditumizire nsapato zoyendera milungu itatu. Anaseka, n'kulonjeza ndege yotsatira. Motero ndinaphunzira kutsuka fyuluta yoyenera kutayidwa, kusoka lamba ndi waya, ndi kufunditsa thanki ya dizilo bulangeti langa, pakuti kuzizira kukafika penipeni dizilo amalimba ngati phala la dzulo. Sanali munthu woipa bwana uja. Ankangoganiza kuti kumpoto ndi dzina la fayilo ina pa desiki pake.

Moyo wake unali wa zinthu zochepa, ndipo ndivomere kuti mbali ina ya mtima wanga inaukonda. Ndinali ndi mbale imodzi, kapu imodzi, mpeni, nkhwangwa, Baibulo ndi mbaula ya nkhuni. M'mawa ndinkaswa ayezi pa dzenje limene ndinaboola panyanja kuti nditunge madzi, n'kukayendera majenereta, n'kuwaza nkhuni, basi tsiku latha, pakuti dzuwa la kumeneko limangosuzumira n'kubwerera. Chipale, chija inu mumangoti sinoo, chinkagwa osamveka, ndipo chimene chinandivuta kuposa kuzizira chinali bata la malowo. Kwathu tchire limalankhula: nkhululu, njiwa, mwana akulira kutsidya, wina akusinja. Kumeneko ukazimitsa jenereta umamva magazi ako omwe akuyenda m'makutu. Mitengo yake ndi yowonda ndi yaifupi, ndipo ndinadabwa nditadula umodzi wonenepa ngati mwendo wangawu n'kupeza kuti mizere ya zaka zake inkaposa zaka za agogo anga. Ndinautentha masiku awiri okha. Khwangwala mmodzi wakuda bii ankatera pa shedi m'mawa uliwonse. Ndinkamupatsa moni m'Chichewa, iye n'kumangopendeka mutu, kudikira tsiku limene sindidzatuluka.

Poyamba ndinkaganiza kuti dziko limenelo limadana ndi munthu. Pambuyo pake ndinazindikira kuti si chidani ayi, chifukwa wodana nawe amakhala kuti wakuona. Dziko lija silidziwa n'komwe kuti ulipo. Ukaponda pa chipale m'mawa, masana mapazi ako kulibe. Zimenezi zinkandiopsa, komanso zinkandipumitsa, pakuti kumeneko kunalibe woyang'ana mapepala anga n'kundibwezera.

Mnzanga wa kutsidya

Kutsidya kwa nyanja, ulendo wa mphindi makumi anayi wapansi madzi akaundana, kunali bwalo la ndege la dothi ndi kanyumba ka munthu woyeza nyengo. Mlungu wanga wachiwiri ndinamva mawu pa wailesi akuwerenga za mphepo m'Chingerezi, koma Chingerezi chake chinali chopindika mwa kwathu. Ndinadikira amalize, ndinadina batani, n'kunena kuti, "Muli bwanji kumeneko?" Kenaka mawu aja anakuwa: "Iwe! Ndiwe ndani? Munthu kapena mzukwa?"

Anali a Tembo, a ku Chipata, okulira ku Lusaka, ndipo banja lawo linkakhala ku Hamilton. Anali aafupi, onenepa, oseka ndi thupi lonse, osatha kukhala chete ngakhale akudya. Ankanditcha ba Mbewe, ndipo ankati Chichewa changa n'cha m'buku la nyimbo za kutchalitchi. Ine ndinkati chawo chinagwa m'basi popita ku Lusaka n'kuthyoka miyendo. Tinagwirizana kuti Lamulungu lililonse mmodzi aziwoloka kukacheza kwa mnzake, mosinthana. M'njira ya pa ayezi tinazika nthambi za mitengo motalikirana kuti tisasochere, ndipo pakati penipeni tinagubuduzirapo mgolo wakale wa mafuta. Mbali yanga tinaitcha Malawi, yawo Zambia, ndipo mgolowo unali pa Mchinji, pa boda. Nthawi zina ayezi ankalira pansi pa mapazi athu, kulira kwakuya kochokera kugombe lina kukafika lina, ndipo a Tembo ankati nyanja yadya nyemba. Popanda munthu ameneyu sindikanatha chisanu choyamba chija, ndipo ndikunena izi poyera chifukwa iwo sindinawauzepo.

Inu okulira kuno simungamvetse bwino, ndiye ndifotokoze. Kwathu mlendo satuluka pakhomo yekha. Umamunyamulira chikwama, umayenda naye, nkhani zimene zinakanika m'nyumba zimatulukira panjira, ndipo mukafika pamtengo wina kapena pamlatho umaima n'kunena kuti, "Ndibwerere pano." Kumutsekera chitseko kumbuyo ndiko kumuuza kuti asadzabwerenso. Koma kumufikitsa mpaka pakhomo pake nakonso sikuchitika, chifukwa ndiye kuti iyenso akuperekeze, ndipo mudzangokhalira kuyenda. Choncho ife tinkachita monga tinaleredwera. Mwininyumba ankaperekeza mlendo mpaka pa mgolo, a Tembo n'kumenya mgolowo ndi chibakera kuti adinda pasipoti, aliyense n'kutembenukira kwawo. Wofika ankaimbira mnzake pa wailesi.

Munthu mmodzi yekha ndiye ankatiyendera, a Simeon, mkulu wina wa anthu a m'dera limenelo, amene mudzi wawo unali kumapeto kwa nyanja. Ankadutsa pa njinga yamoto yoyenda pa chipale akamakaona misampha yawo, n'kutisiyira nsomba. Sankalankhula zambiri. Tsiku lina anatipeza pa mgolo tikugwirana chanza, ndipo anazimitsa injini n'kufunsa chimene tinkachita pakati pa nyanja. Ndinawafotokozera mwambo wathu monyadira, mawu ndikuwakoka ngati mphunzitsi. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kufunsa kuti, "Kwanuko, pamene mumasiyanirana, pamakhala nyumba za anthu pafupi?" Ndinati inde, paliponse. Iwo anati, "Kuno pakati ndi pamalo pamene moto wako uli kutali, wa mnzakonso uli kutali. Munali anthu awiri, mwasanduka munthu mmodzi kawiri. Ngati ukumuperekeza, mufikitse, ugone komweko. Ngati sungathe, asachoke." A Tembo anaseka n'kundiuza m'Chinyanja chawo kuti, "Ba Mbewe, mwamvela? Manje tizayamba kugona pamodzi monga mapasa." Inenso ndinaseka. A Simeon analiza injini n'kumapita.

Febuluwale wa chisanu chachitatu

Linali Lamulungu la a Tembo kubwera kwanga. Anafika m'mawa dzuwa likuwala. Tinawerenga salimo, tinadya mpunga ndi nsomba ya a Simeon, ndipo anandisonyeza chithunzi cha mwana wawo wamkazi, Natasha, amene ankamaliza sukulu ya unamwino mu Juni. Cha m'ma 2 koloko masana anayang'ana pawindo n'kunena kuti anyamuke, chifukwa anali ndi lipoti la nyengo loti atumize. Ndinavala n'kutuluka nawo, monga mwa nthawi zonse.

Tinayenda tikucheza. Anandiuza kuti akatsika mu Juni sadzabweranso kumpoto, ndipo anali atamvana kale ndi akazi awo, a Roda. "Ba Mbewe, nalema," anatero. "Nifuna nikankhale pa khonde na Roda, azinikalipila pafupi, osati pa foni." Anati akawagulira a Roda jasi lofiira limene analiona m'sitolo ina ku Hamilton, koma ndisadzawauze. Titafika pa mgolo ndinaona kuti kutsogolo kwawo, chakumpoto, mitengo ya kugombe yafufutika, ngati munthu wapukuta bolodi ndi dzanja. Ndinaona ndithu, ndisakunamizeni. Zala za kumapazi zinali zitayamba kundiluma, ndipo ndinakumbukira kuti ndasiya mbaula ikuyaka ndi jenereta imodzi ikutsokomola. Ndinati, "Kodi icho si chimphepo?" Iwo anayang'ana n'kunena kuti, "Ine ndine wa nyengo, imwe ndimwe wa ma injini. Chizafika nili pa kapu ya tiyi. Bwelelani, ba Mbewe, viza yanu yasila." Anamenya mgolo. Ine ndinanena mawu amene ndawanena kosawerengeka moyo wanga wonse: "Ndibwerere pano. Muyende bwino."

Ndinatembenuka, ndipo sindinacheuke ngakhale kamodzi. Chimenechi ndicho chimandiwawa kwambiri. Mphepo inandipeza ndikuona kale denga la shedi, ndipo m'kanthawi kochepa dengalo linasowa, nthambi zathu zinasowa, manja anga omwe anasowa. Chipale sichinkagwa kuchokera kumwamba, chinkanyamuka pansi. Ndinafika pakhomo chokwawa, ndikutsata phokoso la jenereta yotsokomola ija. Makina amene ndinkawatukwana tsiku ndi tsiku ndi amene anandiitana. Kutsidya kunalibe chilichonse cholira.

Ndinaimba pa wailesi. Ndinaimbanso. Ndinaimba mpaka mawu anandithera, m'Chingerezi, m'Chichewa, ngakhale m'Chinyanja chawo chothyoka miyendo chija. Kawiri ndinadzimanga chingwe m'chiuno n'kutuluka, ndipo kawiri konse chingwe chinatha ndisanapeze nthambi yoyamba. Mphepo inaleka m'mawa mwake, kumwamba kunayera mbee, ndipo a Simeon ndi anthu a kumudzi kwawo anawapeza a Tembo atakhala tsonga pansi pa mtengo kugombe la kwawo. Anaphonya kanyumba kawo ndi mtunda woti munthu atakuwa mnzake n'kumva. Mapazi athu onse mphepo inali itasesa.

Wapolisi amene anabwera pa ndege anali waulemu. Anandifunsa nthawi imene a Tembo anachoka, ndiponso ngati anachoka okha. Kampani inali ndi lamulo lolembedwa loti munthu asasiye mnzake pa ayezi nyengo ikamasintha, ndipo ine ndinali nditalisainira. Ndinaganiza za ntchito, za inu, za miyezi inayi ija ya pakhomo. Koma ndisanamizire inu, kwenikweni anali manyazi ndi mantha. Ndinati, "Anachoka okha. Ine ndinatsala ndi jenereta." A Simeon anali ataima pakhomo. Anandiyang'ana, anayang'ana nsapato zanga zonyowa zimene zinkauma pafupi ndi mbaula, n'kutuluka. Sanandinene kwa aliyense, ndipo anapitiriza kundisiyira nsomba, koma sanazimitsenso injini pakhomo panga.

Maliro ku Hamilton

Ndinatsika ndi bokosi pa ndege zitatu zija. Ulendo umenewo ndiye ndinawafikitsa. Kunyumba kwa a Tembo kunadzaza a ku Zambia ndi a ku Malawi, nsapato zili mbwee pakhomo, amayi akuimba pabalaza, abambo ali m'chipinda cha pansi. Mai Tembo, a Roda aja, anali atakhala pa matiresi pakona atafunda chitenje. Nditagwada kuti ndiwapepese anandigwira dzanja osalisiya, n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Alamu, munawaperekeza mpaka pati?"

Funso limenelo wapolisi sakanalidziwa. Iwo sanafunse ngati ndinawaperekeza, pakuti kwa iwo zimenezo zinali zodziwikiratu. Ankangofuna kudziwa pamene ndinabwerera. Koma bodza linali litalembedwa kale pa pepala la boma, amayi anu anali pambali panga, anthu akumvetsera. Ndinati, "Sindinathe, alamu. Makina anavuta. Ananyamuka okha." Dzanja lawo linamasuka pang'onopang'ono. Anati, "Okha. Kuchokera pakhomo." Ndinati inde. Anabweza dzanja m'chitenje n'kuyang'ana kukhoma.

Apo m'pamene ndinaona chimene ndachita. Pothawa mlandu wa kumpoto ndinadzisenzetsa mlandu wa kwathu. Kwa wapolisi ndinali wosalakwa, koma kwa mai Tembo ndinali munthu amene anatsekera mwamuna wawo chitseko ngati galu. Choipa kuposa pamenepo, ndinawasiya akuona a Tembo akutuluka okha, opanda wolankhula naye, mwina titakangana, pamene zoona zake n'zakuti munthuyo anayenda theka la ulendo wake womaliza akuseka ndi kutchula dzina lawo. Zimenezo zinali zawo, ndipo ine ndinazitsekera m'thumba. Kuyambira pamenepo tikakumana pa ukwati kapena pa maliro ankandipatsa moni wathunthu, waulemu, wozizira, ndipo nthawi zochepa zimene ndinafika kwawo chitseko chinkatsekeka ndisanatsike masitepe. Amayi anu anandifunsa kamodzi kokha kuti, "Inu, osaperekeza mlendo? Inuyo?" Ndinati makina anavuta. Sanafunsenso, koma sanakhulupirire.

Zaka ziwiri zotsiriza kumpoto

Ndege-ya-Mawa anandiuza kuti akhoza kundisamutsira ku kampu ina ya pafupi ndi msewu. Ndinakana. Iye anaganiza kuti ndine wolimba mtima, n'kulemba zimenezo m'kalata yondiyamikira imene ili m'kabati umo. Ine ndinkangoona kuti sindiyenera malo ofunda. Kutsidya anaikako makina oyeza nyengo okhaokha, opanda munthu, ndipo Lamulungu linasanduka tsiku lowaza nkhuni ngati ena onse.

Ayezi atasungunuka mgolo uja unamira, pakuti chaka chimenecho panalibe wougubuduzira kugombe. Ndinayembekezera kuti malowo aoneke mosiyana, koma ayi. Atsekwe anabwerera kuchokera kumwera akulira monga chaka chilichonse, mtengo umene a Tembo anatsamira unaphuka nsonga zatsopano, khwangwala uja anapitiriza kutera pa shedi. Kwathu munthu akafera pamalo, malowo amasintha dzina, odutsa amatsitsa mawu, wina amalozera mwana ndi chala. Kumeneko panalibe chosunga a Tembo kupatula ine, ndipo ine ndinkasunga bodza. Anthu opita kutchire kokasangalala amabwerako akunena kuti chilengedwe chimatonthoza. Mwina chimatonthoza opanda mlandu. Ine chinangondipatsa malo aakulu ndi nthawi yambiri yomva mawu anga omwe akuti ndibwerere pano. M'miyezi yofunda ndinkapalasa bwato mpaka pakati, n'kusuzumira m'madzi kuti mwina ndiona mgolo, koma madzi ake ndi akuda ngati tiyi wopanda mkaka.

Kampu itatsekedwa ndinapeza ntchito yosamalira majenereta pa nyumba ina yosungira katundu kuno kwathu ku Oshawa, ndipo ndi imene ndapumira. Za kumeneko mukuzidziwa, munkandiona ndikubwera madzulo ndi manja a girisi.

Mwezi watha

Dokotala atandiuza kuti mtima wangawu wayamba kufooka, ndinayamba ndauza amayi anu zoona za tsiku la pa mgolo lija. Anamvetsera akupinda zovala, osaimitsa manja, ndipo nditamaliza anati, "Ndinadziwa kuti pali china. Munthu woperekeza ngakhale wobweretsa makalata mpaka pageti! Koma mwini nkhaniyi si ine, a Mbewe. Tengani jekete."

Ndinakwera sitima, ndinasintha ku Toronto, kenaka basi, mpaka ku Hamilton. Anatsegula chitseko ndi Natasha, amene tsopano ndi namwino ndiponso mayi wa ana awiri. "Ankolo Mbewe, mwatisapulaiza! Come in, mami alipo," anatero. Mai Tembo anandilandira monga mwa nthawi zonse, n'kuika tiyi patebulo. Sindinamugwire tiyiyo. Ndinatsika pampando n'kukhala pansi, mawondo akulira, n'kunena zonse: za mgolo, za mitengo yofufutika, za zala zanga, za mawu a a Simeon, za wapolisi. Ndinawauza za khonde, kuti a Tembo ankafuna azikalipiridwa pafupi osati pa foni, ndiponso za jasi lofiira. Pamenepo anatseka pakamwa ndi dzanja.

Kenaka anati, "Zaka zonsezi nimaona msana wa munthu akutuluka yekha pa chitseko. Nimafunsa Mulungu kuti analakwa chani kuti mnzake amukane na kumuperekeza. Kansi anali kuseka." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Simunamuphe, alamu. Mphepo ndiye inamupha, na makani yake. Koma ine munanimana. Zaka zonsezi munanimana." Ndinati inde. Sindinapemphe kuti andikhululukire, chifukwa kukanakhala kuwalandanso china, ndipo iwo sananene kuti andikhululukira.

Nditatsanzika ndinavala nsapato pakhomo, ndikudikira kuti chitseko chitsekeke kumbuyo kwanga. Ndiye ndinamva akuuza Natasha kuti awapatse jasi lawo. Linali lakuda. Tinayenda pang'onopang'ono, okalamba awiri, kudutsa nyumba zisanu ndi imodzi, mpaka pamphambano pamene poimira basi pamaonekera. Anaima n'kunena kuti, "Nibwelele pano, alamu. Muyende bwino."

Mawu amenewo anandilowa mpaka m'mafupa. Ndinawoloka msewu, ndinafika poimira basi, ndipo ndinachita chimene sindinachite pa mgolo: ndinacheuka. Anali ataimabe pomwepo, manja ali m'matumba, akundiyang'ana. Basi inachedwa, mphepo ikuwomba kuchokera kunyanja, koma sanasunthe mpaka nditakwera n'kukhala pansi.

Ndisanavule nsapato pano pa Oshawa foni inalira. Anali iwo. Sanapereke moni. Anangofunsa kuti, "Mwafika?"

Ndinati, "Ndafika."

Anadula.